Kutseka chumuni chakale m'nyumba ya ku Britain popanda kuitana chinyezi

Nyumba zambiri zimene anthu amagula kapena kuchita lendi m'mizinda ngati Manchester, Leeds, Leicester, Nottingham ndi Birmingham ndi zija za njerwa zomangidwa mogundizana mumzere umodzi, za m'nthawi ya Mfumukazi Victoria, amene analamulira kuyambira 1837 mpaka 1901, ndi zaka zochepa zotsatira. M'masiku amenewo pafupifupi chipinda chilichonse, ngakhale chogona, chinali ndi malo ake osonkhapo moto wa malasha, ndipo malo aliwonse anali ndi njira yakeyake ya utsi yokwera mkati mwa khoma mpaka kukatulukira pa chumuni pamwamba pa denga. Utsi woopsa umene unaphimba London mu Disembala 1952 n'kupha anthu masauzande unachititsa kuti pakhazikitsidwe lamulo la Clean Air Act mu 1956, limene linapatsa makhonsolo mphamvu zoletsa moto wotulutsa utsi m'madera ena. M'zaka zotsatira gasi ndi mapaipi a madzi otentha ofunditsa nyumba yonse zinafala, ndipo machumuni ambirimbiri anangotsala opanda ntchito mpaka lero.

Munthu akakhala m'nyumba yotere m'nyengo yozizira amamva kamphepo kakuwomba kumapazi, ndipo amadziwa kuti mpweya wofunda umene akulipirira ndalama zambiri ukuthawira kumwamba usana ndi usiku. Maganizo oyamba amakhala oti atseke pakamwa pa motopo ndi njerwa, apake pulasitala, ndipo pamwamba athirepo konkire kuti nkhani ithere pomwepo. Njira imeneyi ndi imene yawononga makoma ambiri m'nyumba zakale. Malangizo onse otsatirawa atsamira pa mfundo imodzi yakuti chumuni chosagwiritsidwa ntchito chiyenera kutetezedwa ku mvula koma kusiyiridwa mipata iwiri ya mpweya, wina pansi wolowera ndi wina pamwamba wotulukira.

Chifukwa chake chili m'mene machumuniwa anamangidwira. Makoma ake ndi a njerwa zogundana popanda mpata pakati, zolumikizidwa ndi matope a laimu ndi mchenga, ndipo mkati mwa njira ya utsi munamatidwa laimu amene nthawi zina ankasakanizidwa ndi ndowe za ng'ombe. Zipangizo zimenezi zimamwa madzi mvula ikagwa n'kuwatulutsanso kukacha, ndipo moto ukamayaka tsiku ndi tsiku kutentha kwake kunkaumitsa chumuni chonse kuchokera mkati. Moto utasiya kuyaka, choumitsa chokhacho chimene chatsala ndi mpweya woyenda. Komanso malasha amene anawotchedwa kwa zaka makumi ambiri anasiya mwaye, phula ndi michere ya sulufule ndi ina yotero m'njerwa, ndipo michereyi ili ndi khalidwe lokoka chinyezi kuchokera mumpweya. Njira ya utsi ikatsekedwa mbali zonse ziwiri, madzi olowa kudzera m'njerwa za pamwamba pa denga ndi nthunzi yochokera m'nyumba zimasowa potulukira, zimasungunula phula ndi michere ija, kenaka zimatulukira m'chipinda ngati mathothomathotho achikasu kapena oderapo. Kawirikawiri amayamba kuoneka m'chipinda chogona cha pamwamba, pafupi ndi siling'i, ndipo nthawi zina amapendekera mbali imodzi motsata momwe njira ya utsi inakhotera mkati mwa khoma. Penti amatukusira, pepala la pakhoma limamatuka, ndipo chipinda chimanunkha mwaye wonyowa ngakhale kuti motowo unazima kalekale.

Musanagwire hamala

Ngati nyumbayo mukuchita lendi, musachotse kanthu popanda chilolezo cholembedwa cha mwini nyumba, ndipo ngati ndi fulati imene munagula pa leasehold, ndiko kuti pa pangano la zaka zowerengeka pamene nyumba yonse ili ndi mwini wake, werengani pangano lanu, chifukwa chumuni nthawi zambiri chimakhala m'manja mwa mwini nyumba yonse. Nyumba imene ili m'kaundula wa nyumba zotetezedwa chifukwa cha mbiri yake imafuna chilolezo cha khonsolo ngakhale pa zosintha za mkati, monga kuchotsa zokongoletsa za pamoto, ndipo kugwira ntchito yotere popanda chilolezo ndi mlandu. M'nyumba zogundizana chumuni chimodzi cha pamwamba pa denga chimakhala cha nyumba ziwiri, theka lanu theka la mnansi. Ku England ndi Wales lamulo la Party Wall etc. Act la 1996 limafuna kuti mudziwitse mnansi polemba musanadule kapena kugwetsa mbali ya khoma limene mumagawana. Kungotseka pakamwa pa moto sikufika pamenepo, komabe n'kwanzeru kucheza naye, makamaka chifukwa nsanja yokwerera padenga mwina idzadutsa m'malire ake.

Kenaka fufuzani zinthu zitatu zimene zingathe kupha munthu. Choyamba ndi gasi. Ngati pamalopo pali chotenthetsera cha gasi, kapena kapaipi kakang'ono kotulukira pansi chapambali, amene ayenera kuchotsa ndi kutseka ndi mmisiri wolembetsedwa ku Gas Safe Register, bungwe limene linayamba ntchito mu 2009 m'malo mwa bungwe lakale la CORGI, ndipo muuzeni kuti adule paipiyo kutali kotero kuti nsonga yokhala ndi gasi isakwiririke kuseri kwa khoma latsopano. Chachiwiri ndi kathanki kotenthetsera madzi kotchedwa back boiler, kamene kanaikidwa kuseri kwa moto m'nyumba zambiri. Kathanki kakale kosiyidwa kotsekeka kakhoza kuphulika ngati wina m'tsogolo atsegulanso pamalopo n'kusonkha moto, choncho kachotsedwe, kapena kakhuthulidwe madzi n'kubooledwa kuti kasadzasungenso mphamvu ya nthunzi. Chachitatu ndi asbestos, chipangizo chosapsa chimene fumbi lake limawononga mapapo, amene ku Britain analetsedwa kotheratu mu 1999. M'nyumba imene inakonzedwa chisanafike chaka cha 2000 mukhoza kumupeza m'bolodi lotuwa la kuseri kwa chotenthetsera, m'chingwe choyera chomatira m'mbali mwa njerwa za pamoto, kapena m'paipi ya utsi. Mukaona chinthu chokayikitsa musachiphwanye kapena kuchiboola, koma itanani odziwa adzatenge kachidutswa kokayeza.

Kupeza njira yoyenera ndi kuisesa

Imani kutsidya la msewu muwerenge miphika yadothi imene ili pamwamba pa chumuni, kenaka muwerenge malo osonkhapo moto m'nyumba mwanu, kuphatikizapo amene anatsekedwa kale ndi anthu ena. Malo otsekedwa mungawadziwe pogogoda khoma lotumphukira m'chipinda: pamene pali bolodi pamalira ngati pali mphako, ndipo pansi pa kapeti kutsogolo kwake mumapezeka kachigawo ka konkire kapena mwala pakati pa matabwa. Mphika uliwonse uli ndi njira yake, ndipo muyenera kudziwa mosakayika kuti mphika uti ndi wa chipinda chiti. Masitolo a zipangizo zomangira amagulitsa timibulu totulutsa utsi. Yambani mwafunditsa njirayo kwa mphindi zingapo ndi chotenthetsera chamagetsi kuti mpweya uyambe kukwera, yatsani kam'bulu kamodzi pamalo osonkhapo moto, ndipo wina aime panja aone mphika umene ukutulutsa utsi. Ngati utsi ukutuluka m'miphika iwiri, kapena ukumveka m'chipinda cha pamwamba kapena m'kachipinda ka pansi pa denga, ndiye kuti kakhoma kolekanitsa njira ziwiri kanagumuka, ndipo zimenezi ziyenera kuonedwa ndi katswiri, makamaka ngati njira inayo ikugwirabe ntchito.

Pamfundo imeneyi sipafunika kuganizira chabe. Munthu akavindikira mphika wolakwika, wa boila yake kapena wa moto wa mnansi, mpweya wa carbon monoxide umabwerera m'nyumba, ndipo mpweyawu suoneka ndiponso sununkha. Zivindikiro za machumuni osagwiritsidwa ntchito zinapangidwa kuti zizidutsitsa kampweya kochepa kokha, sizingatulutse utsi wa moto woyaka.

Mukadziwa njira yanu, itanani wosesa machumuni. Mabungwe monga National Association of Chimney Sweeps ndi Guild of Master Chimney Sweeps ali ndi mayina a mamembala awo m'dera lililonse, ndipo wosesa wabwino amapereka chikalata akamaliza. Ena amaona ngati kusesa chumuni chimene chikutsekedwa n'kutaya ndalama, koma ine ndimaona kuti ndi ndalama zogwira ntchito kuposa zina zonse pa ntchitoyi, chifukwa mwaye wotsala ndiwo umamwa chinyezi n'kudetsa khoma, ndipo mukamanga njerwa mwayi wouchotsa mosavuta umakhala utapita. Muuzeni momveka kuti mukufuna kutseka, kuti asese mpaka pamwamba ndipo ngati ali ndi kamera aunike mkati monse. Nthawi zambiri chimene amapeza ndi chisa cha jackdaw, mbalame ya mtundu wa akhwangwala imene imaponya timitengo m'chumuni mpaka tidzaze mbali yaikulu ya njirayo. Lamulo la Wildlife and Countryside Act la 1981 limaletsa kuwononga chisa chimene mbalame ikumanga kapena kugwiritsa ntchito, choncho kuyambira cha m'Malichi mpaka Ogasiti wosesa akhoza kukana, ndipo muyenera kudikira ana auluke. Mileme nayo ndi yotetezedwa ndi lamulo chaka chonse, moti mukaona zizindikiro zake imitsani ntchito mufunse malangizo.

Ntchito ya pamwamba pa denga

Yambani kumwamba musanatseke pansi, kuti zinyalala zonse zogwa pokonza muzitolere pakamwa pakadali potsegula. Iyi ndi mbali imene sindilangiza munthu wosazolowera kuti achite yekha. Madenga a nyumba zimenezi ndi otsetsereka kwambiri, masileti ake amaterera, ndipo chumuni chakale sichinthu chotsamirapo makwerero chifukwa njerwa zake zikhoza kukhala zitangosanjikizana popanda chozigwira. Lembani mmisiri wa madenga wokhala ndi nsanja yomangidwa bwino, ndipo mupempheni ajambule zithunzi asanayambe ndi atamaliza kuti muone ndi maso anu chimene mwalipirira.

Mmisiriyo aone zinthu izi motsatana kuchokera pamwamba. Matope otsetsereka amene amagwira miphika pamutu pa chumuni amang'aluka ndi chisanu, ndipo madzi amalowa m'ming'alumo, choncho ngati ang'ambika achotsedwe n'kuikidwa atsopano otsetsereka bwino kuti madzi azigwera kunja. Mizere ya pakati pa njerwa imene yakokoloka ikumbidwe mpaka kuya kwa mamilimita 20 kapena 25 n'kudzazidwanso. Pa njerwa zakale zofewa gwiritsani ntchito laimu, mwachitsanzo wa mtundu wotchedwa NHL 3.5, muyezo umodzi ku miyezo iwiri ndi theka kapena itatu ya mchenga wokhakhala, chifukwa simenti wolimba amatsekera madzi m'njerwa, ndipo madziwo akaundana m'nyengo yozizira nkhope za njerwa zimasweka n'kumagwa. Pomaliza aone mtovu umene umatseka polumikizana chumuni ndi denga, makamaka kuseri kumene madzi otsika padenga amaunjikana. Mathotho ambiri amene anthu amanamizira kusowa kwa mpweya amachokera pa mtovu wong'ambika, ndipo venti singathandize kalikonse ngati madzi akulowerabe pamenepa.

Tsopano vindikirani mphika. Chofunika ndi chivindikiro chimene chimakana mvula ndi mbalame koma chili ndi mipata m'mbali. Chilipo chadothi chokhala ndi zibowo kuzungulira chimene chimalowetsedwa m'kamwa mwa mphika, ndipo chilipo china chachitsulo kapena chapulasitiki chooneka ngati mbale yovindikira, chokhala ndi sefa pansi pake, chimene chimagwira ndi mawaya olimba kapena lamba. Pamene miphika inachotsedwa kale, amisiri amaika tailosi lokhota la pamsana pa denga pamwamba pa bowo, n'kulimata m'mbali ziwiri zazitali ndi kusiya nsonga zake zotsegula zokhala ndi sefa. Ngati pamutu pa chumuni panathiridwa konkire kapena panaikidwa sileti lotseka kotheratu, njira yosavuta ndi kuchotsa njerwa imodzi m'mbali mwa chumuni, chakumtunda, n'kuikapo njerwa yazibowo, ndipo njira iliyonse ya utsi ikhale ndi yakeyake. Ine ndimakonda kusiya miphika pamalo pake ikakhala yolimba, chifukwa ndi imene imapatsa misewu imeneyi maonekedwe ake, komanso amene adzakhale m'nyumbayo pambuyo panu akhoza kudzafunanso moto.

Kuchotsa malo osonkhapo moto

Ntchito ya pansi munthu wa manja abwino akhoza kuigwira yekha. Tulutsani mipando, pindani kapeti, yalani mapepala apulasitiki, tsekani chitseko ndi kumata mipata yake, ndipo valani masiki ya FFP3, magalasi oteteza maso ndi magolovesi, chifukwa mwaye ndi fumbi losalala kwambiri limene limalowa paliponse. Zokongoletsa za kuzungulira moto, kaya ndi zamatabwa, zachitsulo kapena zamatailosi, zimagwira kukhoma ndi timakutu tachitsulo tobisika pansi pa pulasitala m'mbali zonse ziwiri, kawirikawiri chakumtunda. Gobani pulasitala ndi tchizulo pamtunda wa masentimita awiri kapena atatu kuchokera m'mphepete mpaka mutapeza timakutu, masulani masikuluwu, ndipo pakhale munthu wachiwiri wogwirizira, popeza chimango chachitsulo kapena cha matailosi omatidwa pa konkire chimalemera kuposa mmene chimaonekera. Musataye chimango chachitsulo cha nthawi ya Victoria. Ogulitsa zinthu zakale za m'nyumba amachigula, ndipo mwina ndi bwino kungochisunga m'kachipinda ka pansi pa denga kapena m'shedi.

Kuseri kwake mupeza chigoba cha dothi lowotcha chimene moto unkatsamira, ndipo kuseri kwa chigobacho muli zidutswa za njerwa, laimu wofumbutuka, mwaye wouma ngati makala, timitengo ta mbalame ndipo nthawi zina nyuzipepala zakale zimene wina anatsekera mphepo. Phwanyani chigobacho kuyambira pamwamba ndipo chotsani zonsezi mpaka muone njerwa zenizeni za kumbuyo ndi za m'mbali, chifukwa mulu umenewu ukasiyidwa umakoka chinyezi cha pansi n'kuchikweza m'khoma. Pamwamba pa pakamwapo pali lintala, kapena njerwa zomangidwa mokhota zotsamira pa kachitsulo kopyapyala. Zimenezi ndizo zanyamula khoma lonse la pamwamba, choncho musazikhudze, ndipo ngati mwaona mng'alu kapena njerwa zolendewera imani muitane mmisiri. Mwala kapena matailosi otumphuka amene ali pansi kutsogolo mukhoza kuwanyamula ndi chitsulo chotukulira, koma konkire ya pansi pake, yolingana ndi matabwa, isiyeni ndipo muisalaze. Pomaliza kwechani njerwa za mkati ndi bulashi yawaya mpaka pamene dzanja likufika, muchotse fumbi lonse.

Kumanga ndi kuika venti

Pali njira ziwiri zotsekera. Yoyamba ndi njerwa kapena mabuloko opepuka, ndipo ndi imene ndimaikonda m'chipinda cha pansi, chifukwa khoma limakhala lolimba mofanana paliponse ndipo pulasitala sachedwa kugwira. Yalani kachidutswa ka pulasitiki yotchinga chinyezi pansi pamene mzere woyamba ukhale, chifukwa konkire ya pamoto m'nyumba zakale nthawi zambiri inathiridwa padothi popanda chotchinga. Sakanizani muyezo umodzi wa simenti, umodzi wa laimu ndi isanu ndi umodzi ya mchenga. Nkhope ya njerwa zatsopano ilingane ndi njerwa zakale, zimene zili mkati pang'ono poyerekeza ndi pulasitala wakale, kuti patsale malo opakapo. Kuti khoma latsopano ligwirane ndi lakale, khomerani tizitsulo tolumikizira m'mbali zonse ziwiri pa mzere wachiwiri kapena wachitatu uliwonse, ndipo muziyesa ndi levulo pamene mukukwera. Njerwa za masiku ano ndi zotalika mamilimita 215 ndi zokwera mamilimita 65, pamene zakale zambiri n'zokulirapo, choncho musadabwe mizere ikapanda kukumana. Samalani kuti matope asagwere kuseri, ndipo mzere womaliza wa pansi pa lintala muudzaze bwino ndi nsonga ya mpeni womangira.

Njerwa yazibowo ikhale pakati pa khomalo, pamtunda wa pafupifupi mamilimita 300 kuchokera pansi, ndiko kuti pamwamba pa mizere itatu kapena inayi. Anthu ena amaiika pansi penipeni kuti isaoneke, koma chumuni chakale chimapitiriza kugwetsa laimu ndi mwaye kwa zaka zambiri ngakhale chitasesedwa, ndipo venti ya pansi kwambiri imakwiririka kuseri popanda wodziwa. Mpata wa pansi pa venti ndiwo mosungiramo zogwazo. Njerwa yazibowo ya mamilimita 215 ndi 65 imakwanira pa njira wamba ya chipinda chogona, ndipo ya mamilimita 215 ndi 140 ndi yabwino pa chumuni chachikulu cha kukhitchini kapena chimene chinaonetsapo chinyezi. Ntchito yake ndi yofanana ndi ya maventi amene amisiri akwathu amaika pamwamba pa mawindo, kungoti pano mpweya wofunda wa m'chipinda umalowa, n'kukwera wokha chifukwa ndi wopepuka kuposa wozizira wa pamwamba, ndipo mphepo yodutsa pamphika imathandiza kuukoka.

Njira yachiwiri ndi chimango chamatabwa ndi bolodi la plasterboard, ndipo ndi yachangu, yopepuka ndi yosavuta kudzatsegulanso, choncho imayenera bwino m'zipinda za pamwamba. Dulani matabwa othiridwa mankhwala a mamilimita 50 ndi 50, muwamange ndi masikuluwu m'mbali zonse zinayi za pakamwapo, ndipo pakati muike awiri opingasa otchingira malo a venti. Chimangocho chilowe mkati mokwanira kuti bolodi la mamilimita 12.5 pamodzi ndi pulasitala wopyapyala wa mamilimita awiri kapena atatu zilingane ndi khoma lakale. Dulani bowo la venti musanakhomere bolodi, matani tepi ya ulusi polumikizana bolodi ndi khoma kuti pasadzang'ambike, kenaka pakani. Njira imeneyi musaigwiritse ntchito ngati pali chikayiko chakuti njira yanu ya utsi ikulumikizana ndi ya mnansi imene ikuyakabe.

Pamwamba pa bowolo mangani chivindikiro cha venti ndi masikuluwu, kuti muzitha kuchimasula n'kulowetsa paipi ya makina okoka fumbi. Pali zivindikiro zokhala ndi kachitseko kotsetsereka, koma vuto lake n'lakuti tsiku loyamba la chisanu wina amatseka ndipo sichitsegulidwanso, choncho chotsegula nthawi zonse ndicho chodalirika. Musadzaike kabati yogundana ndi venti kapena kuimata ndi pepala la pakhoma.

Ngati chumuni chili pakhoma lakunja, monga pa nyumba ya kumapeto kwa mzere kapena yoima payokha, mukhoza kuika njerwa yazibowo kunja m'malo mwa mkati. Mmisiri amachotsa njerwa imodzi kuseri kwa malo osonkhapo moto, pamwamba pa mzere wotchinga chinyezi, ndipo mkati mumatseka kotheratu. Ubwino wake ndi wakuti mpweya wofunda wa m'chipinda suthawa, phokoso ndi fungo la mwaye sizilowa, ndiponso nthunzi ya m'nyumba sikwera kukazizira m'chumuni. Kuipa kwake n'kwakuti khoma lotumphukalo limazizirirapo, choncho ndi bwino kuika chotetezera kuzizira kuseri kwa bolodi popanda kutseka njira ya mpweya. M'bafa ndi m'khitchini, mmene nthunzi imachuluka, venti yakunja ndiyo yoyenera pamene zingatheke. Pa chumuni cha pakhoma logawana ndi mnansi mwayi umenewu palibe.

Amene akufuna kusiya mphakoyo yotsegula kuti aikemo mashelefu kapena maluwa atseke kumtunda kwake, pakhosi pa njira ya utsi, ndi bolodi losapsa logonekedwa pa tizitsulo kapena timatabwa ta m'mbali, ndipo venti iikidwe m'bolodi lomwelo. Likhale lomasulika, chifukwa zogwa zonse zizitera pamwamba pake. Kwa amene akuchita lendi ndipo saloledwa kumanga, pali zotsekera zongolowetsa pakhosi, monga chaubweya wa nkhosa chotchedwa Chimney Sheep kapena chibaluni chopopa, zimene zimachepetsa mphepo n'kusiya kampweya kochepa kakudutsa. Zichotsedwe nthawi ndi nthawi kuti chumuni chiume, ndipo pakhale chizindikiro choonekera kuti wina asadzasonkhe moto zili momwemo. Palinso amisiri amene amadzaza njira yonse ndi timibulu totetezera kuzizira, koma pa chumuni chimene mutu wake ukadali panja pamvula sindilangiza zimenezi, chifukwa madzi akalowa amakhala m'timibulumo ndipo kuwachotsa kumakhala ntchito yaikulu.

Pulasitala ndi michere ya m'njerwa

Ngati khoma linali louma ndi loyera, dikirani masiku angapo kuti matope alimbe, pakani pulasitala woyamba wolingana ndi wakale, kenaka wosalaza, ndipo mulumikize thabwa la m'munsi mwa khoma. Koma ngati panali kale mathotho, penti yekha sangawabise, chifukwa michere ija inalowa m'pulasitala ndipo idzapitiriza kukoka chinyezi tsiku lililonse la mvula ngakhale chumuni chitauma. Pamenepo gobani pulasitala yense wodetsedwa, mupitirire ndi pafupifupi mamilimita 300 kuzungulira, ndipo musiye njerwa pamtunda kwa milungu ingapo mukusesa mchere woyera umene ukutuluka ndi bulashi youma, osathira madzi. Pulasitala wamba wa gypsum sapirira michere, choncho musamupake mwachindunji pa njerwa zotere. Amisiri ambiri amakhomera pepala lolimba lapulasitiki lokhala ndi timabuthu, limene limalekanitsa njerwa ndi pulasitala watsopano, pamene okonda njira zakale amabwezeretsa pulasitala wa laimu n'kupaka penti wolola khoma kupuma. Pa mathotho ochepa a phula pakhoma louma, penti wapansi wotchinga mathotho amakwanira.

Ntchito ikatha yesani ngati mpweya ukuyenda. Tsekani mawindo, tengani kachidutswa kopyapyala ka tishu mukagwire kutsogolo kwa venti, ndipo pa tsiku lozizira kayenera kukokedwa n'kumatirira pa zibowo. Ngati sikakugwedezeka, kapena kakukankhidwira m'chipinda nthawi zonse, onani ngati makina otulutsa mpweya a kukhitchini kapena kubafa akuyaka, chifukwa amatha kukoka mpweya kutsika m'chumuni, ndipo ngati si zimenezo ndiye kuti njira yatsekeka penapake kapena chivindikiro chaikidwa pamphika wina. Chitani chimodzimodzi pa malo ena onse amene anatsekedwa kale m'nyumbamo, ndipo amene alibe venti abooledwe mosamala, mutayamba mwatsimikiza kuti kuseri kulibe waya wamagetsi, paipi kapena bolodi la asbestos.

Chumuni chimene chinanyowa kwa zaka zambiri chimatenga miyezi yambiri kuti chiume, nthawi zina chaka chathunthu, choncho lembani mzere wa pensulo kuzungulira thotho lililonse lotsala kuti muziona ngati likukula kapena kuchepa. Thotho limene limada mvula ikangogwa likusonyeza kuti madzi akulowabe pamwamba, ndipo mmisiri wa denga abwerere. Limene limada pa masiku a chifunga kapena pamene mwayanika zovala m'nyumba, ngakhale kunja kusanagwe mvula, ndi la michere, ndipo mankhwala ake ndi kusintha pulasitala. Kamodzi pachaka, chilimwe chikamatha, masulani venti mukoke zogwa zonse, kwerani m'kachipinda ka pansi pa denga mukhudze njerwa za chumuni ndi matabwa oyandikana nazo kuti mumve ngati n'zouma, ndipo muyang'ane kuchokera pamsewu ngati chivindikiro chikadali pamalo pake, makamaka pambuyo pa mphepo yamkuntho.